Agogo Ako Sanadikire Munthu

Lizulu, Ntcheu

Mwana wanga Tamanda,

Ndikulemba kalatayi iwe uli kwa anzako kokatsanzika. Bambo ako ali pakhonde, akulimbana ndi zipi ya chikwama chako chija, chomwe wadzaza mabuku ngati kuti ku Ulaya kulibe mabuku. Kalatayi ndiyilowetsa m'thumba la jekete lako. Ukayiwerenge uli m'ndege, poti ndikati ndikuuze pamaso uyamba kundidula mawu, ine ndiyamba kulira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Choyamba ndikuuze kuti mtima wanga wakhala m'malo. Miyezi yonseyi tulo sindimatiwona bwino. Si ndege imene imandiopsa, kapena chisanu cha kumeneko. Ndimaopa kuti uchoka osalankhulana ndi agogo ako Anangozo, mayi a bambo ako, pomwe zaka ziwiri zimene ukakhale kumeneko ndi zambiri kwa munthu amene miyendo yayamba kutupa. Ukanachoka muli chosalankhulana, foni n'kudzalira uli kutali, ukanasenza katundu amene palibe akanakutula. Lero ndakuonani awiri muli pamphasa imodzi mukuseka, ndipo ndinazembera kuseri kwa nyumba kukathokoza Mulungu. Tsopano ndikhoza kukulangiza mtima uli pansi.

Ukupita kukaphunzira za nthano za Agiriki, momwe amayi olemba mabuku masiku ano akuzifotokozeranso kudzera pakamwa pa akazi a m'nthanomo. Anzanga pamsika akandifunsa ndimangoti, "Akukaphunzira za mabuku," chifukwa ndikayamba kufotokoza amandiyang'ana ngati ndalawa kachasu. Mayi wina wogulitsa kabichi anati, "Ndiye kukwera ndege kukamvera nthano? Osangokhala pompano bwanji, tizimuuza ife?" Ndinaseka nawo, koma mumtima ndimadziwa kuti si zachibwana. Ndaona ndi maso angawa nthano ikuyatsa moto pakhomo pathu, ndipo nkhuni zina ndinasonkhezera ndine.

Kulakwa koyamba kunali kwanga. Ukukumbuka tchuthi chija unabwera ndi buku kuchokera ku Zomba, ine ndikusankha mbatatesi pakhonde, iwe n'kumandimasulira? Inali nkhani ya mfumu ina imene inapita kunkhondo, nkhondo itatha n'kumangoyendayenda panyanja zaka zambirimbiri, mkazi wake ali pakhomo. Unati kale anthu ankayimba za mwamunayo basi, zilombo zimene anagonjetsa ndi akazi amene anamusunga m'njira, koma m'buku lakolo wolankhula anali mkazi wotsalayo. Ine osaganiza n'komwe ndinati, "Amenewotu ndi agogo ako." Maso ako anawala, ndipo ine ndinadziona wanzeru tsiku limenelo. Koma kodi ndinkadziwa chiyani? Ndakhala moyandikana ndi apongozi angawa kuyambira iwe usanabadwe, ndipo zomwe ndinkadziwa ndi zomwe mudzi wonse unkanena: kuti agogo ako aamuna, malemu a Jelemiya, anapita kumigodi ku Joni bambo ako akukwawa, anatchona zaka khumi ndi kanthu, n'kubwera ndi njinga ndi chifuwa. Nkhani za a Jelemiya aliyense ankaziloweza, za mwala umene unagwera mnzawo pansi pamgodi, za ndewu za m'komboni, za sitima yosatha kufika. Za Anangozo anthu ankanena mawu amodzi okha, akuti anadikira. Ine ndinangotola mawu amenewo n'kukupatsira ngati ndinalipo. Tamanda, chinthu chimene sunafunse kwa mwini wake usamachinene ngati ukuchidziwa.

Chodabwitsa n'chakuti phunziro limeneli ndinalilandira kale, kwa Anangozo omwewo. Nditangoyamba geni, ndinagula ndowa zingapo za mbatatesi kwa bambo wina wa ku Biriwiri. Pamwamba panali zikuluzikulu, zosalala, zoti munthu ungajambulitse nazo. Nditafika kunyumba n'kukhuthula, pansi panali tinandolo tokhatokha ndi zina zodulidwa ndi khasu. Ndinakhala pansi n'kuyamba kutukwana bamboyo. Agogo ako anandiyang'ana nati, "Mukutukwana ndani? Pamsika aliyense amakonza pamwamba. Wolakwa ndi amene wagula osakhuthula." Sindikubisire, nanenso lero ndimakonza pamwamba, ndipo sukulu yako yachokera m'ndowa zokonzedwa choncho. Koma pogula ndimakhuthula. Ndinangoiwala kuti mawu aja akuti anadikira analinso pamwamba pa ndowa. Kumene ukupitako akupatsa mabuku okonzedwa bwino ndi anthu olankhula mokoma, ndipo iwe uzikhuthula.

Kenako iwe unalemba nkhani yako ija, ya mkazi wa mtchona. Unailemba bwino, zimenezo palibe angatsutse, ndipo aphunzitsi ako anaikonda mpaka inakuthandiza kupeza malo kumene ukupitaku. M'nkhanimo munali agogo ako ataima pamsewu madzulo alionse kuyang'ana mabasi. Munali agogo ako akulira usiku, akununkhiza jekete lakale la amuna awo, akuonda chaka ndi chaka. Ine nditawerenga ndinalira, ndipo kunyada kunandikwera kumutu.

Kunyada kumeneko ndiye kunabala kulakwa kwanga kwachiwiri, kumene kumandichititsabe manyazi. Tsiku lina azimayi a kumpingo anabwera kudzazonda agogo ako. Titatha kupemphera ndinatulutsa mapepala ako n'kunena kuti, "Tamvani zomwe walemba mdzukulu wawo." Ndinawerenga mokweza, mawu ndikuwakoka ngati mlaliki. Azimayi anayamba kupukuta misozi, wina mpaka anati, "Mayo, munavutika Anangozo." Nditamaliza, agogo ako anafunsa kuti, "Ameneyo ndi ndani?" Ndinati, "Ndinuyo amayi." Anati, "Ine? Ine kununkhiza jekete la a Jelemiya? Munthu amene ankasamba akakumbutsidwa?" Wina anafuna kuseka koma anaona nkhope yawo n'kumeza. Anatola ndodo yawo, naimirira movutikira, nati, "Mwana ameneyu wandivula pagulu, ndipo wandiveka nsanza zosakhala zanga." Analowa m'nyumba, alendo n'kutsala akuyang'anana. Iwe unalibe cholinga choti nkhaniyo iwerengedwe choncho, ndine ndinaitulutsa pabwalo. Mwana wanga, chinthu chikakukomera kwambiri, yamba wachigoneka usiku umodzi usanachionetse anthu.

Zotsatira zake ukuzidziwa. Utabwera kuchokera ku Zomba unawapatsa moni, iwo n'kuyang'ana kumbali. Unawagulira chitenje, anachibweza chili chopinda. Iwe nawe unauma khosi. Unkati, "Koma amayi, ine ndimawaikira kumbuyo. Ndimafuna anthu adziwe zomwe akazi anapirira." Ndinkakumva, ndipo sunali kunama. Koma munthu amene ukumuikira kumbuyo akakukana, usamalimbikire kuti sakudziwa zomwe zikumukomera. Mwa zidzukulu zonse iwe ndi amene unatengera agogo ako, ndiye taganiza nkhuku ziwiri zoumitsa khosi m'khola limodzi. Ovutika tinali ine ndi bambo ako.

Kulakwa kwanga kwachitatu kunali kufuna kuzimitsa moto ndi manja a eni. Ndinatuma bambo ako kuti akapepese m'malo mwako. Anapita, anakhala, anadya nthochi, anabwerako osanena chimene anapitira, poti bambo ako pamaso pa mayi awo amasanduka mwana wa sitandade wani. Ndiye ndinapempha mkulu wa mpingo. Iyeyo analankhula nthawi yaitali za kukhululuka, ndi mavesi omwe. Agogo ako anamvetsera mwaulemu mpaka amalize, kenako anati, "Zikomo abambo. Koma mwanayo pakamwa pake pali zilonda?" Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ndikuchitanso chomwe chinawakwiyitsa poyamba, kulankhulira munthu amene ali ndi pakamwa pake. Ukalakwira munthu kumeneko, kaya ndi mphunzitsi kaya mnzako wogona naye chipinda chimodzi, usatume uthenga pafoni, usatume mnzako. Pita wekha, miyendo uli nayo.

Sindikudziwa chimene chinakufewetsa sabata ino. Mwina ndi tikiti ija itafika, mwina unawaona akulephera kutsika pakhonde. Ndinangokuona wamanga chitenje, wapita kukakhala pambali pawo n'kuyamba kusenda nawo nyemba. Tsiku loyamba sanakuyang'ane n'komwe. Unabwerako maso ali psuu, koma m'mawa mwake unapitanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha si mphatso yako, ndiye ndinadziwa kuti zikukupweteka. Dzana lija ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikunamizira kufuna mazira, pamene unati, "Agogo, ndinalemba zimene sindinkazidziwa. Pepani. Zinali bwanji?" Ndipo unatseka pakamwa. Pa zonse zimene wachita pamoyo wako, ndi digiri yomwe, chimene chandinyaditsa kwambiri ndi kutseka pakamwa kumeneko.

Zimene anayankha unamva wekha, koma ndikuzilemba pano momwe zinalowera m'khutu mwanga, kuti zikadzayamba kukoma m'mutu mwako ukhale ndi poyang'ana. Anati, "Chaka choyamba ndinalira, sindikana. Chachiwiri ndinaona kuti misozi sithirira dimba. Ndinatsegula dimba kudambo kuja, ndekha, bambo ako ali kumbuyo. Mbatatesi ndinkasenza pamutu mpaka pamsewu, msika uja usanakule chonchi. Ndinafulula masese, kumpingo anandiimitsa mgonero, ndinati chabwino, ana adye kaye, Mulungu tidzakambirana. Ndinagula ng'ombe yanga, ine mkazi, amuna a m'mudzi muno akuti idzafa. Inabereka kanayi. Kukakhala ngoma ndinkavina mpaka fumbi, anthu n'kumati mkazi wa mtchona akusangalala chiyani. Iwe wandilemba ndili pamsewu kuwerenga mabasi. Nthawi imeneyo ndikanaitenga kuti?"

Unafunsa za amuna ena, ndipo ine kuseri kuja ndinagwira pakamwa. Anati, "Ankabwera, nanga ndinali wonyansa? Mmodzi ndinamukonda ndithu, telala wa tsidya la msewu, ku Mozambiki. Ndinamukana. Usaganize kuti chinali chifukwa cha agogo ako. Ankafuna ndisiye dimba langa ndi ng'ombe zanga ndikakhale kwawo, ndiye ndinawerengera n'kuona kuti telalayo sakukwana." Munaseka nonse awiri, ndipo kanali koyamba kumva kuseka kwawo kuyambira tsiku la mapepala lija.

Koma chimene chinandimaliza ndi za kubwera kwa a Jelemiya. Anati, "Anafika ndi njinga yawo, belu ngiringiri, n'kulunjika pakhomo ngati munthu amene anangopita kukagula mchere. Ndinaima pakhomopo n'kuwauza kuti nyumba imene munasiya inagwa kalekale, iyi ndamanga ndine. Ngati mukumufuna mwini wake, tumizani ankhoswe. Abale awo anakalipa, akuti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kale. Ndinati ng'ombezo zinalowola mtsikana amene munamusiya, uyu ndi munthu wina. Anakagona kwa achimwene awo dzinja lonse. Ankabwera madzulo kudzandifunsira, atavala tayi, akutsokomola. Ankhoswe anakhala pansi kachiwiri. Ndinawalola titakolola, chifukwa ankandiseketsa, ndiponso ndinafuna ndekha. Ine sindinadikire munthu, mwana iwe. Ndinkakhala moyo wanga, munthuyo n'kundipeza."

Madzulo ake ndinawafotokozera bambo ako. Iwo anati, "Ine ndinkayesa ankagona kwa abambo aakulu chifukwa nyumba inali yaing'ono." Munthu wa imvi, wokulira m'nyumba momwemo. Ndiye usadzione wopusa wekha, tonse pakhomo pano tinagula osakhuthula.

Tsopano tamvera, Tamanda. Ntchito imene ukukaphunzirayo ndi yabwino, ndipo ndikuikhulupirira. N'zoona kuti nkhani zambiri zinakambidwa ndi amuna, akazi ali kukhitchini. Koma agogo ako anatha kutola ndodo n'kukuchokera. Akazi a m'nthano za Agirikiwo sangatero. Ungawaveke chilichonse, misozi kaya ukali, iwo ali phee. Ndiye ukamawerenga buku limene mayi wina walemba m'malo mwawo, uzidzifunsa ngati akulankhulayo ndi mkazi wa m'nthanoyo kapena ndi mlembiyo wangobwereka dzina. Ndipo iwe ukamalemba zako uzidzifunsa kawiri. Kukhala mkazi sikukupatsa chilolezo chodziwa za mumtima mwa mkazi aliyense. Ine ndine mkazi, ndipo wawona mmene ndinaphonyera.

Usapitenso mbali inayo n'kuyamba kuona mwamuna aliyense ngati chilombo. A Jelemiya analakwa kutchona, palibe akuwayeretsa. Koma ndi omwewo amene anavala tayi dzinja lonse kukafunsira mkazi wawo yemwe, mudzi ukuwaseka, ndipo chifuwa chimene chinawapha anachitenga pansi pamgodi. Bambo ako panjapa akutuluka thukuta ndi zipi yako, ndipo sanadye bwino sabata yonse. Sanena kanthu, ndi mmene alili. Mawa pabwalo la ndege adzakuuza za kusamala pasipoti basi, ndipo iwe udzamve zimene akutanthauza.

Kumeneko adzakufunsa za kwanu. Ena adzafuna kumva za mkazi wa ku Africa wovutika, wosenza madzi, wosiyidwa, ndipo ukawauza zimenezo adzakuwombera m'manja. M'manja mumakoma, ine ndinalawa tsiku lija azimayi akulira pakhonde. Usatigulitse motchipa choncho. Mavuto tili nawo, usawabise, koma unene ndi ng'ombe yomwe, ndi telala yemwe. Wamva?

Zina ndi zazing'ono koma usazinyoze. Uzivala zofunda, chisanu cha kuno ku Lizulu usachiyese ndiye chisanu chonse. Uzidya chakudya chenicheni, osati tiyi ndi buledi uku maso ali m'buku, ndikukudziwa. Ufune mpingo, ngakhale utapeza kuti amayimba ngati ali pamaliro. Mnyamata akakukonda si tchimo, koma umuone mmene amamvetsera iwe ukamalankhula, ndipo ngati akufuna usiye dimba lako, agogo ako akuonetsa kale mawerengedwe ake. Lilime lako ndi lakuthwa, uzilisunga. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Lamulungu lililonse uziimba foni, ndizipita nayo kwa agogo ako. Uziwafunsa funso limodzi, kenako utseke pakamwa monga unachitira dzana.

Chatsala chimodzi, ndipo n'chimene ndatengera cholembera. Mayi anga ine atamwalira ku Champiti, iwe uli wamng'ono, mbiri yawo pamaliro anawerenga amalume ako. Anati anabadwa chaka chakuti, anakwatiwa ndi akuti, anabereka ana asanu ndi mmodzi, asiya zidzukulu zakuti. Basi, anapinda pepala. Mayi amene anabereketsa theka la mudzi, amene ankadziwa kuimba mpaka amuna kusiya mowa. Ine ndinali pansi pakati pa azimayi, chitenje kumutu, ndipo sindinanene kanthu, poti mbiri amalemba ndi amuna, amawerenganso ndi amuna. Mpaka lero zimandiwawa.

Lero masana unamva zimene agogo ako anakuuza: "Mbiri yanga ulembe iwe, asalembe abambo ako aakulu. Ulembemo ng'ombe, ulembemo ndi mowa womwe." Iwe unaseka n'kunena kuti, "Agogo, za maliro zachiyani, mudzandilandira ndinu ndikamabwera." Iwo anangomwetulira. Utatuluka anandiitana nati, "Mwanayo musamuuze lero, angalire pa ulendo. Koma ine thupi langa ndikulimva. Zikadzachitika asadzasiye sukulu kuthamangira kuno, tatsanzikana kale, ndipo tatsanzikana bwino." Anati ndisakuuze lero, ndiye ukuwerenga mawa, sindinaswe lamulo.

Usalire kwambiri m'ndegemo, anthu angadabwe. Ine sindikulira. Chimene ndimaopa chija sichinachitike, ndipo ukupita ndi dalitso lawo lonse. Koma mbiriyo usaizengereze. Ukangofika n'kupeza pogona, mabuku a Agiriki ayambe adikira, alibe kothawira. Lemba ya Anangozo, m'Chichewa, unditumizire. Ndikawawerengera tili awiri, chitseko chotseka, akonze okha pomwe waphonya, ndipo ndidzakubwezera mpaka atavomera kuti ameneyo ndi iwo.

Tsiku limenelo likadzafika iwe uli kutali, usadere nkhawa kuti adzawerenga ndani. Ndidzaimirira ine, mpongozi, pamaso pa mpingo ndi abambo ako aakulu. Sindidzadumpha mzere ndi umodzi womwe.

Uyende bwino mwana wanga, Mulungu akutsogolere kumene ine sindingafike.

Ndine mayi ako,
Nachisale